Injini ya boti ikamazima pakati pa madzi, tsatirani njira ya petulo

Munthu akamva kuti ku Mulanje kuno timakamba za injini za maboti amayamba waseka. Kuno ndi kwa tiyi, zinanazi ndi phiri, boti lichokera kuti? Koma madzi otsika m'phirili sathera m'minda ya tiyi. Ruo amalowera kumwera kukathira mu Shire ku Chiromo, pamene Phalombe ndi Sombani amalowera kumpoto, kunyanja ya Chilwa. Mpaka 1998 Phalombe inali mbali ya boma la Mulanje, ndipo matemba ndi milamba yowamba imene timagula pa Chitakale ndi pa Limbuli yambiri imachokera ku Chilwa komweko. Alipo anthu a kuno amene ndalama zawo zili pamadzi. Boti lili kunyanja ndi anyamata ogwira ntchito, mwini wake ali kumudzi kuno akulima nandolo. Injini ikavuta amaimangirira pa njinga yamoto n'kubwera nayo, kapena amaimba foni usiku kufunsa chochita.

Mlamu wanga ndi mmodzi wa anthu otere. Ali ndi boti lamatabwa la injini ya mahosipawa 15, ija yosakaniza petulo ndi oyilo. Chaka china injiniyo inayamba khalidwe lachilendo. Pagombe imalira bwinobwino, kukoka chingwe kamodzi yayaka. Anyamata akanyamuka amayenda mphindi 10 kapena 15, kenako iyo imayamba kufooka ngati munthu wokwera chitunda cha ku Likhubula ndi thumba la chimanga pamutu, kutsokomola kawiri katatu, basi zii. Akapuma pang'ono n'kukokanso chingwe imayaka, n'kukazimanso patsogolo. Kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, inatsegulidwa katatu ndi anthu atatu osiyana. Mapulagi anagulidwa atsopano. Wina anafika pokolosola timabowo ta m'kati mwa kabuleta ndi waya, ati mafuta azidutsa mokwanira. Atabwera nayo kuno tinaiimika mu mgolo wa madzi, tinailumikiza ku thanki ina, ndipo inalira ola lathunthu osadandaula. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, thanki yake mwaisiya kuti?" Iwo anati, "Yatsala kunyanja. Nanga thanki imadwalanso?" Wodwala anali thankiyo. Kabowo kopumira ka pachitsekerero chake kanali katamatidwa ndi matope ouma.

Injini ikazima dzanja limathamangira ku kabuleta, chifukwa ndiko kumaoneka kuti kuli ukatswiri. Koma kabuleta ili kumapeto kwa ulendo wa petulo. Asanafike kumeneko petulo amadutsa m'malo angapo, ndipo malo aliwonse angathe kumutsekereza, kumulowetsa mpweya kapena kumudetsa. Amachokera m'thanki, kukwera ndi kapaipi kamene kamafika pansi pa thankiyo, komwe nthawi zambiri kumakhala kasefa. Amatuluka n'kulowa m'paipi yakuda ija, kudutsa mu mpira wopopera umene timaufinya m'manja tisanalize injini, n'kufika pa cholumikizira cha ku injini. M'kati mwa chivundikiro amadutsa mu sefa ina yokhala ngati kakapu, kenako mu pampu yaing'ono, ndiyeno m'kambale ka pansi pa kabuleta. Kuchokera m'kambaleko ndi pamene amayamwidwa kudzera m'majeti, timabowo tating'ono tija, n'kusakanikirana ndi mpweya kupita kukapsa.

Chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: thanki imakhala pansi m'boti, injini ili pamwamba. Petulo satsika yekha monga amachitira pa njinga yamoto. Amachita kukokedwa, ngati mmene mwana amamwera thobwa ndi kaphesi ka udzu. Ndiye taganizirani zimene zingamulepheretse mwanayo kumwa. Kaphesi kangatsekeke ndi misere. Kangang'aluke m'mbali n'kumakoka mpweya m'malo mwa thobwa. Mwanayo angatope, mphamvu zoyamwira n'kuchepa. Kapena botolo lingakhale lotsekedwa kotheratu moti mpweya sukulowa m'malo mwa thobwa limene latuluka, iye n'kumangoyamwa masaya kuphwa popanda chobwera. Chomalizachi ndicho chinachitikira mlamu wanga. Petulo akamatuluka m'thanki pamayenera kulowa mpweya. Pachitsekerero pali kasikulu kamene mumayenera kukamasula musananyamuke. Kakakhala kotseka, kapena kabowo kake kakatsekeka, pampu imakoka mpaka kufika poti singathenso. Thanki yapulasitiki imafika pofwamphuka m'mbali. Kutalika kwa nthawi imene injini iyende isanazime kumadalira mpweya umene unalimo kale: thanki yodzaza imazimitsa injini msanga, yapakati imachedwerapo. Mukamasula chitsekerero n'kumva kuti fyuu, mpweya ukulowa mothamanga, mwapeza kale wakuba.

Injini siyankhula koma kafedwe kake kamanena zambiri, ndipo amene anali m'botimo ndiye mboni. N'chifukwa chake ine munthu akandiimbira sindiyamba ndi kufunsa dzina la injini. Ndimafunsa kuti yazima bwanji. Injini yosowa petulo siizima mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula: mphamvu imatsika, imabwereranso, imatsikanso, nthawi zina liwu limakwera pang'ono isanafe. Imene yazima kamodzin'kamodzi ngati wina wathimitsa nyali nthawi zambiri vuto lake ndi la moto, ndipo poyambira ndi pa kachingwe kofiira kozimitsira kaja, kamene kakasololoka pamalo pake injini siingayake ngakhale mukoke mpaka dzanja kutupa. Imene yayamba kutentha, kamtsinje kamadzi kotuluka kumbuyo katasiya kapena katachepa, nayo ndi nkhani ina. Chilwa ndi nyanja yosaya, yamatope ndi zomera, ndipo timabowo tolowera madzi kumwendo kwa injini timatsekeka kawirikawiri. Ukonde wakale wokulungika pa pulopela nawonso umailemetsa injini mpaka kuzima mukangolowetsa giya. Zonsezi zimaoneka ndi maso m'mphindi imodzi, ndipo ndi bwino kuzichotsa m'njira musanaimbe mlandu petulo.

Tsono ngati ndi petulo, funso lachiwiri ndi lakuti imazima nthawi yanji. Ikamayaka mutapopa mpira, n'kulira mphindi imodzi kapena ziwiri kenako kufa, ndiye kuti ikumwa zimene munadzaza m'kambale ndi dzanja lanu, ndipo zikatha palibe chobwera m'mbuyo. Vuto lili pakati pa thanki ndi kambale. Ikamalira bwino pang'onopang'ono koma n'kutsamwa mukangoipatsa moto wonse, ndiye kuti njira ndi yotseguka pang'ono chabe. Injini ya mahosipawa 15 ikamathamanga ndi mphamvu zake zonse imamwa pafupifupi malita 7 pa ola, pamene ikamangolira poima imangonyambita. Paipi yopindika, sefa yodzaza theka kapena jeti yaikulu yotsekeka pang'ono zimakwanitsa kunyambitako koma osati kumwa kwenikweni. Ndipo ikakhala yotembenuza, yothamanga bwino koma yozima mukangochepetsa moto kuti mukocheze, yang'anani jeti yaing'ono. Bowo lake ndi lochepa kwambiri moti kachitsotso kosaoneka bwino ndi maso kamalitseka.

Chida chabwino kuposa zonse chofufuzira chili kale m'boti, ndipo ndi mpira wopopera uja. Anthu ambiri amaudziwa ngati chinthu chofinya m'mawa basi. M'kati mwake muli timavavu tiwiri tolola petulo kupita mbali imodzi yokha, ndipo kunja kwake kuli muvi umene uyenera kuloza ku injini. Ndaonapo paipi yatsopano yolumikizidwa chozondoka, anthu n'kutaya tsiku lonse. Injini isanayake, finyani mpirawo muvi utaloza kumwamba. Uyenera kulimba mukafinya kangapo, kusonyeza kuti kambale kadzaza ndipo kasingano kotseka polowera petulo m'kambalemo katseka. Ukakana kulimba, pali zitatu: mwina ukukoka mpweya penapake, mwina timavavu take tafa, mwina kasingano sikakutseka ndipo petulo akusefukira, zomwe mudzazimva ndi fungo ndi kuziona pamadzi. Injini ikamayenda mpirawo umafewa, chimenecho si cholakwika. Koma ukaphwa n'kukhala phwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa, pampu ikukoka bwino koma kumbuyo, ku thanki, kwatsekeka: kopumira kaja, kasefa ka pansi pa thanki, kapena paipi imene wina waikhazika chigubu pamwamba. Ndipo nayi njira imene yabweza maboti ambiri kugombe. Injini ikayamba kufooka, wina afinye mpirawo mobwerezabwereza. Ikatsitsimuka, ndiye kuti dzanja lanu likugwira ntchito ya pampu. Pampuyo yatopa kapena paipi ikulowa mpweya, koma kabuleta ilibe mlandu. Mungathe kufika kumtunda chomwecho, wina akuwongolera wina akufinya.

Choki nayo imathandiza kufunsa funso lomweli. Ntchito yake ndi kuchepetsa mpweya kuti petulo achuluke m'chisakanizo. Injini yotentha kale, yabwinobwino, mukaikokera choki imatsamwa. Ikakhala kuti ikufa ndipo mwakoka choki pang'ono n'kuona kuti yadzuka, yakuuzani yokha kuti petulo akuchepa. Koma apa ndichenjeze, chifukwa alipo anyamata amene amayenda sabata yathunthu choki ili theka, ati tapeza mankhwala. Pa injini yosakaniza, oyilo amayenda limodzi ndi petulo. Petulo akachepa, oyilo nayenso wachepa, ndipo moto wa chisakanizo chochepa petulo umatentha kwambiri. Pisitoni imafufuma, imakanda m'mbali, tsiku lina imagwira. Apo ndiye timati injini yanoka, ndipo ndalama yake siifanana n'komwe ndi ya paipi ya mamita awiri. Mukamasula pulagi n'kupeza nsonga yake yoyera mbuu, injini yakhala ikuyenda ndi njala. Yabwino imakhala yofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Yakuda ndi yonyowa ikunena zosiyana, kuti mafuta achuluka kapena moto ndi wofooka.

Kulowa kwa mpweya ndiko kumazunguza anthu mutu kwambiri, chifukwa sikusiya chizindikiro. Munthu amayembekeza kuti paipi yobooka idontha. Koma mbali ya paipi imene ili pakati pa thanki ndi pampu imakhala ikukokedwa, ndiye kang'alu kakang'ono sikatulutsa petulo, kamalowetsa mpweya. Paipi imakhala youma bwinobwino kunja. Dzuwa la kunyanja limaumitsa mphira, ndipo ming'alu imayambira pamene paipi yavekedwa pa chitsulo. Pindani paipiyo pang'ono pafupi ndi mfundo iliyonse, muona ikuyasamula. Cholumikizira cha ku injini chili ndi kamphira kozungulira m'kati, kakatha kamalowetsa mpweya makamaka injini ikamagwedezeka kapena mukaikhotetsa. Ndiponso kumanga mfundo ndi lekeni ya chubu cha njinga, monga timachitira pa china chilichonse kuno, sikugwira pa petulo, chifukwa mphira wa chubu umafufuma n'kulefuka. Makaniko wodziwa amaika kapaipi koonekera m'kati pafupi ndi pampu kwa kanthawi n'kuliza injini. Akaona timathovu tikuyenda motsatana, amabwerera m'mbuyo mfundo ndi mfundo mpaka apeze polowera. Kapaipi koonekerako ndi koyesera chabe, sikokhalitsa, kamauma msanga ndi petulo.

Koma nkhani yaikulu, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, ndi petulo mwini wakeyo. Boti silipita pa filing'i siteshoni. Petulo wake amayenda m'zigubu, pa njinga, m'fumbi ndi m'mvula, ndipo m'zaka zimene mafuta akhala akusowa, monga 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022, ambiri akhala akugula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu osadziwa kuti wadutsa m'manja angati. Chigubu chimene dzulo munali madzi kapena mafuta ophikira lero muli petulo. Chitsekerero chinatayika, pali pulasitiki ndi lekeni. Madontho ochepa otsalira pansi ndi okwanira kuyambitsa mavuto.

Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi, pamene kapaipi ka m'thanki kamayamwira. Pagombe, boti lili phee, mwina amakhala pakona osafika pakamwa pa kapaipiko. Mukalowa pakati mphepo n'kuyamba, thanki imakhutchumuka, madzi ndi dzimbiri ndi zinyalala zonse zapansi zimadzuka n'kulowa m'njira. N'chifukwa chake pali injini zimene zimangovuta kukakhala mafunde, anthu mpaka kuyamba kuganizirana zaufiti. Madzi akafika m'kambale ka kabuleta amakhalanso pansi, pomwe pali jeti yaikulu, ndipo dontho limodzi limatha kutseka bowolo ngati mwala.

Pamwamba pa izi pali ethanol. Dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe mu 1982, pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inabwera mu 2004. Nzeru yake ndi yabwino, imachepetsa mafuta oitanitsa kunja, ndipo galimoto imene imamwa thanki yake m'masiku ochepa siiona vuto. Boti ndi lina. Ethanol amakonda madzi, amawayamwa ngakhale kuchokera mu mpweya wachinyontho. Amatha kusunga madzi pang'ono osaoneka: petulo wokhala ndi magawo 10 a ethanol pa 100 amameza pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi pa lita. Madziwo akapitirira pamenepo, ethanol amasiyana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi madzi. Mukayang'ana m'botolo mumaona mizere iwiri, wapamwamba wowala, wapansi wotuwa. Zapansizo injini siingapse nazo bwino, ndipo oyilo munathira uja amatsalira kumwamba. Zapamwambazo nazonso zafooka mphamvu. Kuzizira kumafulumizitsa kusiyanaku. Ndiye taganizirani chigubu chosatseka bwino chimene chagona pakhonde kuno ku Mulanje sabata ziwiri za chiperoni, mu Juni kapena Julayi, nkhungu ili tolo, kenako chikutumizidwa kunyanja. Thanki yachitsulo yosadzaza nayo imachita thukuta m'kati, masana kutentha usiku kuzizira, ndipo thukutalo limatsikira pansi n'kuyambitsa dzimbiri. Mabuku a injini zambiri za maboti, kuphatikizapo za Yamaha Enduro zimene zili mbwee m'nyanja zathu, amalola ethanol wosapitirira magawo 10 pa 100, pamene msakanizo wa kuno umatha kuposa pamenepo. Ethanol amadyanso mapaipi akale amene sanapangidwire iye. Paipi imaoneka yabwino kunja koma m'kati ikusendeka, tizidutswa takuda tikupita kukadzaza sefa. Mukapeza tinthu takuda ngati tsabola wopera m'kakapu ka sefa, musangotsuka, sinthani paipi.

Kuyesa petulo sikufuna sukulu. Thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera, makamaka wochokera pansi pa chigubu, n'kulikhazika mphindi zingapo. Madzi adzadzionetsa okha. Petulo wamtambo, wosawala, ali pafupi kusiyana, musamukhulupirire. Ngati mukukayikira kuti wathiridwa palafini kapena dizilo, donthezani papepala loyera musanathire oyilo. Petulo weniweni amauluka osasiya kanthu, wosakaniza amasiya banga la mafuta. Injini yomwa palafini imavuta kuyaka, imafuka utsi, imagogoda. Pothira m'thanki gwiritsani fanulo yokhala ndi sefa, ndipo theka la kapu lotsalira pansi pa chigubu musalikakamize, ndi mmene mumakhala zoipa zonse. Ndikudziwa kuti pa mtengo wa lero kutaya ngakhale dontho kumapweteka. Lisungeni lotsukira zitsulo.

Za oyilo ndingonena mwachidule. Injini zambiri zosakaniza zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 pa lita, mamililita 100 pa malita 5, theka la lita pa malita 25, koma buku la injini yanu ndilo lili ndi mawu omaliza. Oyilo wake ndi wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3 pabotolo. Wa galimoto sapsa bwino, amasiya mwaye. Kuwonjezera oyilo "kuti injini isangalale" kumangodetsa mapulagi.

Mukatsimikiza kuti thanki ikupuma, petulo ndi woyera, paipi ndi yabwino ndipo sefa ndi yosatsekeka, mwafika pa pampu. Ilibe magetsi kapena lamba. M'kati muli kamphira kopyapyala kamene kamakankhidwa ndi kukokedwa ndi mpweya wa m'mimba mwa injini pisitoni ikamakwera ndi kutsika. Kakakalamba kamauma n'kusiya kuvina mokwanira, injini n'kumasowa petulo pa liwiro. Kakabooka zimasokoneza kwambiri, chifukwa petulo amadutsira pabowopo kulowa m'mimba mwa injini, silinda imodzi n'kumamira pamene kabuleta ikusowa. Mukamasula mapulagi n'kupeza imodzi yonyowa yakuda inzake ili bwino, ganizirani pampu. Kuyesa kwake: masulani pampu pa injini mapaipi ali chilumikizire, finyani mpira mpaka ulimbe, ndipo yang'anani kabowo ka kumbuyo kwake. Pakatuluka petulo, kamphira kabooka. Amagulitsa kamphirako pakokha ndi magasiketi ake, simuyenera kugula pampu yonse.

Tsopano, ndipo tsopano pokha, kabuleta. Musanaimasule, pali kasikulu pansi pa kambale kokhetsera. Ikani kachitini kapena kansalu pansi, masulani, muone chotuluka. Pakatuluka madzi kapena zofiira, mwina kukhetsako ndi kupopanso petulo woyera kukwanira, ndipo izi zimatheka muli pamadzi pomwepo. Pakapanda kutuluka kanthu chonsecho mpira walimba, kasingano kamatirira pamalo pake. Kugogoda kambale pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva nthawi zina kumakamasula. Koma kumasula kabuleta yonse m'boti logwedezeka ndi kufuna kupereka jeti kwa milamba. Ntchito imeneyo ndi ya kumtunda, pa nsalu yoyera yoyala bwino. Majeti amatsukidwa ndi mankhwala opopera otsukira kabuleta ndi mpweya, kenako mumawayang'ana kudzuwa kuti muone bowo lozungulira bwino. Ndi amkuwa, ofewa, ndipo kukula kwa bowo lawo kunayezedwa, n'chifukwa chake pamakhala nambala yodindidwa. Singano kapena waya wachitsulo umalikuza bowolo ndipo silibwereranso. Kasikulu kosinthira chisakanizo musanakachotse, kalowetseni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti kazungulira kangati mpaka kukhudza, kuti mudzakabwezere pomwe kanali. Osakamanga mwamphamvu, nsonga yake imaphwanyika.

Chimene chimadetsa kabuleta kwambiri si kugwira ntchito, ndi kukhala. Petulo wosiyidwa m'kambale amauluka mbali yake yopepuka n'kusiya utomoni womata ngati wa paini, ndipo pa injini yosakaniza oyilo amatsalira n'kuundana. Miyezi iwiri kapena itatu ndi yokwanira. Ku Chilwa injini zimakhala nthawi yaitali: nyengo imene usodzi watsekedwa, ndiponso zaka zimene nyanja yaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018, maboti n'kutsala pamatope ong'aluka. Madzi akabwerera aliyense amathamangira injini yake imene anaiimika kuseri kwa chitseko ndi petulo wake wakale, n'kudabwa kuti ikukana. Ndimaganizanso za Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola milatho ndi misewu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, midzi ina n'kukhala yosafikika. Boti losungidwira tsiku ngati limenelo limatha chaka osalira, ndipo likasungidwa ndi petulo m'kabuleta, tsiku lofunikalo ndi limene lidzakane. Kupewa kwake ndi kwa mphindi zisanu. Pa ulendo womaliza chotsani paipi ku injini ikulira m'madzi, isiyeni imalize za m'kambale, kenako khetsani zotsala ndi kasikulu kaja. Petulo wa m'thanki mugwiritseni ntchito ina asanakalambe, thanki muisunge pouma.

Kunena za kuchotsa mapaipi ndi kukhetsa petulo m'boti, mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa umene timapuma. Suuluka kupita kumwamba, umakhala pansi pa boti pakati pa matabwa. Ndudu, mbaula yowotchera nsomba kapena nyali ya palafini zikhale kutali, ndipo usiku muunikire ndi tochi. Kuyamwa petulo ndi pakamwa kuti ayambe kuyenda m'paipi, chizolowezi chathu chija, n'koopsa: kadontho kakalowa m'mapapo kamayambitsa chibayo choipa. Mpira wopopera umagwira ntchito yomweyo. Ndipo injini ikazima kuli mphepo, choyamba si sipanala. Ponyani nangula kapena gwirani nkhafi kuti mutu wa boti uloze kumene mafunde akuchokera, kenako muyambe kufufuza, kuyambira pachitsekerero cha thanki kupita kutsogolo.

Ku boti la mlamu wanga, anyamata anatsuka kabowo kopumira ndi madzi ndi kaminga ka mtengo, ndipo vuto la mphindi 15 lija linathera pomwepo. Chimene sichinathe ndi ntchito ya waya uja. Jeti inali itakula, injini inayamba kumwa mopitirira, kufuka utsi ndi kudetsa mapulagi masiku angapo alionse. Jeti ya nambala yoyenera sinapezeke pa Chitakale kapena ku Luchenza. Tinachita kutuma munthu ku Limbe, ndipo inafika patatha sabata zitatu, itakulungidwa m'kapepala kochepa kuposa chikhadabo.